Amene akuti buku la seva linafa, atiuze kumene K500 yapita

Aliyense wa ise anaimililapo pa ka booth ka mobile money, foni kumanja, akukangana na agent. Meseji yabwela kuti K500 yacoka, koma kwa amene tamutumila kulibe cafika. Agent akuti "ni network, yembekezani", ndipo sangakambe zina cifukwa nayenso amaona cabe zimene foni yake yamuonetsa. Munthu amene angayankhe kuti ndalama ili kuti pa mphindi imeneyo ni uja analemba pulogilamu ya ku seva, kuseli kumene kasitomala safika.

Manje funso lathu lipite kwa anzathu onse amene analemba "software developer" pa LinkedIn. Kodi mungafotokoze mwatsatanetsatane zimene zimacitika kucokela pamene K500 yacotsedwa mu akaunti imodzi mpaka pamene yalembedwa mu ina? Ambili a ise sitingakwanitse. Batani lokongola timapanga, peji yocita login timaidziwa, koma malaiti akapita pakati pa nchito, sitidziwa kuti ndalama ya munthu itsala kuti. Ndipo amene anatifikitsa apa ni aja amatiuza tsiku lililonse kuti kuwelenga buku ni kutaya nthawi, onelani cabe vidiyo ya maminitsi 15, mawa mudzakhala "full stack".

Ise tinaphunzila titapsa. Tinapangila azimayi 12 a pa msika ka app kosungila cilimba, aliyense amasonkha K200 pa wiki. Kanali kooneka bwino, ndipo tinadzitama nako pa Facebook. Tsiku lina intaneti inali yocedwa, msungicuma anadina batani kawili, ndipo ka app kanalemba kuti mayi mmodzi wasonkha K400. Wiki yotsatila seva inagwa itacotsa kale ndalama m'thumba la gulu koma isanalembe dzina la amene walandila. Mawelengedwe anasiyana na ndalama zimene zinali m'cikwama. Azimayi aja sanaimbe mlandu kompyuta. Anakamba kuti msungicuma wadya ndalama. Mayi amene wagulitsa tomato pamalo amodzi kwa zaka zambili anatsala pang'ono kuipa dzina cifukwa ca code yathu. Tinapita kukapepesa, ndipo manyazi a tsiku lija sitidzawaiwala.

Pambuyo pake mnzathu anabwela na buku lonenepa limene anagula kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni, lokamba za Enterprise JavaBeans. Tinaliseka cifukwa linasindikizidwa ena a ise tikali kukwawa. Koma titatsegula caputala ca ma transaction, tinapeza matenda a ka app kathu atafotokozedwa bwinobwino, dzina lake, cimene cimayambitsa na mankhwala ake. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyelele, ndipo buku linali kukamba za nyelelezo.

Tiyeni tikambe zimene zili m'buku lotelo, cifukwa ambili amene amalinyoza sanalitsegulepo. Kampani ya Sun Microsystems inatulutsa EJB 1.0 mu 1998. Maganizo ake anali akuti pulogilamu ya banki, ya inshuwalansi kapena ya misonkho imakhala na nchito zina zimene zimabwelezabweleza kulikonse: kuonetsetsa kuti ndalama sizitayika pakati, kufufuza ngati munthu ali na cilolezo, kutumikila anthu masauzande pa nthawi imodzi, kugawana malumikizidwe ocepa a ku database. M'malo moti aliyense azilemba zimenezi yekha na kulakwitsa yekha, nchitozo zinapatsidwa kwa pulogilamu yaikulu yochedwa container. Imwe mumalemba tizigawo ting'onoting'ono, ma bean, tokhala na malamulo a bizinesi cabe. Container imatiyambitsa, imatiyang'anila, ndipo pempho lililonse lobwela kwa bean limayamba ladutsa m'manja mwake.

Cinthu coyamba cimene container imakucitilani ni transaction. Kucotsa K500 uku na kuika K500 uko zimamangidwa mtolo umodzi. Zikatheka zonse, ni commit. Cimodzi cikalephela, zonse zibwelela mmene zinalili, ndiyo rollback. Mu EJB ya masiku ano, method ya session bean imalowa mu transaction olo simunalembe ciliconse, cifukwa lamulo limene limakhalapo kale ni REQUIRED. Mpaka apa vidiyo ingakuuzeni. Zimene sikuuzani ni izi: pulogilamu ikagwa na RuntimeException, container imacita rollback, koma ikaponya checked exception imene munapanga mwekha, monga yakuti "ndalama sizikwana", container imaona kuti mukudziwa zimene mucita ndipo siibweza kanthu, pokhapo ngati mwaiuza na @ApplicationException(rollback=true) kapena setRollbackOnly. Mu Spring nayonso @Transactional imacita cimodzimodzi. Munthu amene sadziwa lamulo ili adzalemba code imene iyenda bwino pa laputopu yake, kenako tsiku lina idzacotsa ndalama osaifikitsa.

Msampha wina ni uyu. Mukaitana method ina ya mu bean imodzimodziyo mwacindunji, pempho silidutsa kwa container, conco annotation imene munaika pamwamba pa method imeneyo siigwila nchito. Mungalembe REQUIRES_NEW na zilembo zikuluzikulu, transaction yatsopano siidzayamba. Kompyuta siidzadandaula, ndipo mudzadziwa pa tsiku limene mabuku a ndalama akana kugwilizana.

Buku limakuphunzitsaninso cifukwa cake bean ina imachedwa stateless. Container imasunga ma bean ambili ofanana, ndipo pempho likabwela imatenga aliyense amene alibe nchito, monga mmene mumakwelela minibasi iliyonse imene yaima pa siteshoni. Ngati munasungila nambala ya akaunti ya kasitomala mu field ya bean yotelo, wobwela pambuyo angaipeze. Mu Spring ngoziyo ni yokulilapo, cifukwa bean imakhala imodzi cabe ndipo mapempho onse amaigwilitsa nchito pa nthawi imodzi. Uko ni kuonetsa munthu ndalama za mnzake, ndipo ku banki zotelo zimathetsa nchito.

Nanga anthu awili akatapa mu akaunti imodzi pa sekondi imodzi? Onse awelenga kuti muli K500, onse acotsa K400, onse alemba kuti mwatsala K100. Akaunti yatulutsa K800. Transaction payokha siiletsa zimenezi ngati database ili pa READ COMMITTED, ndipo PostgreSQL imabwela ili pamenepo. Mufunika kudziwa za locking, mwacitsanzo @Version ya mu JPA, imene imakana kulemba kwa waciwili cifukwa mzele unasintha kale. Palinso message-driven bean, imene inabwela na EJB 2.0 mu 2001, yolandila mauthenga ocokela pa mzele. Nchito ikalephela, uthenga umatumizidwanso, conco uthenga umodzi ungafike kawili. Mankhwala ake ni kupatsa malipilo alionse nambala yakeyake na kukana nambala imene yaonedwapo kale. Ndiye matenda a K400 ya mayi uja. Ngakhale kusungila ndalama mu double ni kulakwa, cifukwa kompyuta ikaphatikiza 0.1 na 0.2 imapeza 0.30000000000000004. Ma ngwee amasungidwa mu BigDecimal.

Ndipo buku labwino limakuuzani pamene mphamvu zake zathela. Ndalama zikacoka ku kampani ina kupita ku ina, ma database amakhala awili, eni ake awili, ndipo annotation imodzi siingamange onse. N'cifukwa cake kuli mawu akuti pending na reversal, na nchito yofananitsa mabuku a mbali zonse ziwili. K500 ija ya pa booth nthawi zambili imakhala pamenepo, mbali imodzi yalemba, ina siinayankhe.

Tikudziwa zimene anzathu ena adzayankha. Adzati EJB inafa kudala, masiku ano ni Node, ni Laravel, ni Spring Boot. Pali zoona pang'ono, ndipo sitibisa. EJB 2 inali yolemetsa maningi. Kuti mupange bean imodzi munali kulemba home interface, remote interface, class ya bean, na fayilo ya XML yofotokozela container zonsezo. Kuyesa code popanda kuyatsa seva yonse kunali kovuta. Ma entity bean anali ocedwa ndipo anthu anawathawa n'kupita ku Hibernate, imene Gavin King anayamba mu 2001. Rod Johnson analemba buku mu 2002 lotsutsa kulemela kumeneku, ndipo code ya m'bukulo ndiyo inabala Spring, imene inatuluka ngati 1.0 mu 2004. Onani bwino apa: framework imene mumatiuza kuti inapha buku inabadwila m'buku.

Cinacitika pambuyo pake n'ciani? EJB 3.0 ya mu 2006 inatengela nzelu za otsutsa aja. Ma interface ambilimbili anacoka, ma annotation analowa, ndipo JPA inatenga malo a ma entity bean. Oracle inagula Sun mu 2010, mu 2017 inapeleka Java EE kwa Eclipse Foundation, ndipo manje dzina ni Jakarta EE. Maina anasintha, koma container, transaction, dependency injection na mizele ya mauthenga zikalipo, ndipo mukatsegula Spring Boot mudzazipeza zitavala malaya ena. Olo mulembe mu PHP kapena JavaScript, anthu awili adzatapabe mu akaunti imodzi pa nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti amene anawelenga adzazindikila vuto asanatulutse pulogilamu, pamene winayo adzauzidwa na kasitomala wokwiya.

Ndipo musaganize kuti izi ni nkhani za ku America cabe. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsila ziwelengelo za m'zipatala, inapangidwa ku University of Oslo ndipo seva yake inalembedwa mu Java, na Spring na Hibernate. ASYCUDA World ya UNCTAD, imene ZRA imagwilitsa nchito pa katundu wodutsa m'malile monga Chirundu na Nakonde, nayonso ni ya Java. Mapulogilamu otele amakhala zaka zambili, ndipo amafuna anthu owasamalila, owalumikiza na ena, owakonza usiku akagwa. Ngati ise sitidziwa za mkati mwake, nchito imeneyo idzapatsidwa kwa katswili wocokela kunja amene adzalipilidwa mu madola, ise n'kutsala tikulimbilana kupanga webusaiti ya saluni pa mtengo wa bundle.

Koma tisanamizane, mlandu suli kwa a mavidiyo okha. Kuli aphunzitsi ena amene amagwila buku la 2002 ngati malemba opatulika. Amalembetsa ophunzila home interface pa mayeso, amawauza kuloweza ma entity bean amene kucokela mu 2013 seva siikakamizidwanso kukhala nawo, ndipo wophunzila amatsiliza kosi asanayatsepo seva olo kamodzi. Ba lecturer, na ulemu wonse, imwe ndimwe mumapangitsa acinyamata kudana na mabuku. Munthu akavutika miyezi itatu na zinthu zimene kulibe kampani imafunsa, adzaganiza kuti mabuku onse ni bodza, n'kuthawila ku YouTube osabwelanso.

Conco buku la zaumisili limawelengedwa na diso pa caka. Musanagule, onani tsamba lakutsogolo kuti linatuluka liti ndipo likamba za EJB iti. Head First EJB ya Kathy Sierra na Bert Bates ni ya 2003 ndipo imaphunzitsa EJB 2.0: mafotokozedwe ake a transaction na umoyo wa bean akali othandiza, koma code yake musaikope. EJB 3 in Action ili pafupi na zimene mudzalemba lelo. Dziwaninso kuti kucokela pa Jakarta EE 9 ya mu 2020, ma package amene anali kuyamba na javax manje amayamba na jakarta, ndipo Spring Boot 3 inatsatila mu 2022. Mukakopa citsanzo ca m'buku lakale n'kukana pa seva yatsopano, nthawi zambili vuto ni liwu limodzi limenelo. Musataye buku lonse cifukwa ca import.

Ena adzati AI idzatilembela. Nafenso timaigwilitsa nchito, ndipo imalemba bean mu masekondi ocepa. Koma imakupatsani zimene mwapempha. Ngati simudziwa kuti uthenga ungafike kawili, simudzapempha kuti iteteze zimenezo, ndipo ikaiwala simudzaona kuti yaiwala. Tsiku limene ndalama zidzasowa, abwana sadzaitana AI mu ofesi. Adzaitana imwe, ndipo yankho lakuti "ndinangokopa" silinapulumutsepo munthu.

Ena adzati mabuku ni odula. Atsopano ni oduladi, koma cifukwa cimeneci n'cocepa kuposa mmene timacikulitsila. Jakarta EE Tutorial na ma specification ake zili pa intaneti mahala. WildFly, Payara, GlassFish na Open Liberty ni ma seva amene mungatsitse osalipila, cimodzimodzi PostgreSQL. Welengelani ndalama zimene munawononga pa ma bundle caka catha kuonela mavidiyo obweleza peji ya login imodzimodzi, muone ngati sizikanagula buku lakale limodzi. Ndipo mu 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi ku Kariba n'kukhala maola ambili opanda malaiti, laputopu inali kuzima, router inali kuzima, koma buku la pepala linali kuwelengeka pakhonde. Ise caputala ca locking tinacimaliza m'masiku amenewo.

Cotsala ni cizungu. Zoona, mabuku awa ni olemela, ndipo ndime imodzi ingakutengeleni ola. Koma kulemela kwina n'kwa nkhani yeniyeniyo, ndipo vidiyo imaoneka yopepuka cifukwa inadumpha povuta. Njila imene inatithandiza ni iyi: timakumana pa Ciwelu, aliyense atawelenga caputala cimodzi, ndipo mmodzi amaimilila kucifotokoza m'Cinyanja, buku litatsekedwa. Ngati sungafotokozele mnzako wa ku Matero kuti rollback n'ciani popanda kubisala m'mawu acizungu, ndiye kuti sunamvetse. Bwelela ukawelengenso. Mutu umodzi susenza denga, ndipo malo okumanilapo alipo, kaya ni ku BongoHive, ku laibulale ya pa koleji, kapena m'nyumba ya mnzanu amene ali na solar.

Kuwelenga kokha nakonso sikukwana. Pangani cilimba canucanu pa seva: mamembala 12, K200 pa wiki, wolandila mmodzi. Mukamaliza, ciwonongeni dala. Zimitsani seva pakati pa kucotsa na kuika, muone ngati ndalama yabwelela. Tumizani malipilo amodzi kawili. Tsegulani mawindo awili mutape pa nthawi imodzi. Ponyani checked exception muone ngati container yabweza. Lowani ngati membala wamba muyese kuitana method ya msungicuma, muone ngati @RolesAllowed yakuletsani. Ciliconse cikalephela, pitani kumapeto kwa buku, pezani tsamba, welengani, konzani. Munthu amene wacita izi kwa miyezi itatu angalowe mu intavyu n'kufotokoza zimene anaona na maso ake.

Kwa imwe amene mumayendetsa makosi a masabata 6 n'kupeleka setifiketi ya "backend", tili na pempho. Ngati wophunzila wanu sanaonepo rollback ikucitika, musamupatse pepala limenelo. Mukumutuma kukagwila ndalama za anthu asanadziwe mmene zimatayikila. Ndipo kwa makampani amene amadandaula kuti muno mulibe akatswili, tsegulani zitseko za kuseli. Lolani acinyamata akhale pafupi na amene amasamalila ma seva anu, awelenge code yakale, aone mmene mabuku a ndalama amafananitsidwila kumapeto kwa tsiku.

Ka app ka cilimba tinakalembanso. Maonekedwe ake sanasinthe, ndipo kulibe amene anatiyamikila pa Facebook. Malipilo alionse manje ali na nambala yake, kucotsa na kuika zili mu transaction imodzi, ndipo tisanakapeleke tinazimitsa seva dala kambilimbili. Mayi msungicuma uja akali pa udindo wake. Buku lija lili pa tebulo, cikuto cinacoka, ndipo Ciwelu cikubwelaci tili pa caputala ca security. Amene afuna abwele atawelenga.